Kalata yotseguka kwa akuluakulu a zaumoyo: tibweretsereni njira yopepuka yoyezera khansa ya m'matumbo kuno ku Zomba

Olemekezeka a Nduna ya Zaumoyo, a Mlembi Wamkulu mu undunawu, akuluakulu oyang'anira zaumoyo m'boma la Zomba, ndi aphungu athu onse a m'boma lino,

Landirani moni wanga waulemu. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi mabanja anu. Ndikuthokozani pa ntchito yolemetsa imene mukusenza m'nyengo ino imene mankhwala, mafuta ndi ndalama zakunja zikuvuta.

Ine ndine nzika wamba ya kuno ku Zomba. Sindine dokotala kapena namwino. Ndili m'gulu la kumpingo loyendera odwala m'makomo, ndipo zimene ndilembe pano zina ndaziona m'makomomo, zina ndawerenga, zina ndafunsa kwa odziwa. Ndalemba poyera dala kuti anzanga a ku Chinamwali, ku Jali, ku Thondwe, ku Chingale ndi kutsidya pa chilumba cha Chisi amve nawo, chifukwa nkhaniyi ikukhudza matupi awo. Ndi nkhani ya khansa ya m'matumbo, imene ambiri timaizindikira madzi atafika kale m'khosi.

Ndikudziwa kuti khansa imeneyi si imene ikupha Amalawi ambiri kuposa zinzake. Ya khomo la chiberekero, ya kummero ndi ya pakhungu ija imayendera limodzi ndi HIV zili patsogolo, ndipo simunalakwe kuyambira kumeneko. Kuno sitinaiwale kuti katemera wa atsikana woteteza khansa ya khomo la chiberekero anayamba kuyesedwa m'boma lathu lino ndi ku Rumphi mu 2013, asanafalikire dziko lonse mu 2019. Amayi athu lero amayezedwa khomo la chiberekero pachipatala chaching'ono, ndi viniga chabe. Izi ndi zimene zandilimbitsa mtima, chifukwa mwaonetsa kale kuti kuyeza khansa kungathe kutsika kuchoka m'zipatala zikuluzikulu n'kufika kumudzi. Pa dziko lonse lapansi, khansa ya m'matumbo ndi yachitatu pa kuchuluka ndi yachiwiri pa kupha anthu. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linawerengera anthu oposa 1.9 miliyoni amene anapezeka nayo mu 2020, ndi oposa 930,000 amene anamwalira nayo chaka chimenecho. Zimene zimaikolezera, monga mowa, fodya, kunenepa kwambiri ndi nyama zokonzedwa kufakitale ngati masoseji, zinafika kale m'matauni mwathu.

Dandaulo langa loyamba ndi lakuti magazi m'chimbudzi timangowatcha kamwazi kapena mudzi, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndikupatsani chitsanzo cha bambo wina amene tinkamuyendera, wogulitsa matemba ouma a ku Chilwa, wa zaka za m'ma 50. Sinditchula dzina lake ngakhale chipatala chimene ankapitako, popeza cholinga changa si kuloza munthu chala. Titatsegula kabuku kake ka kuchipatala, masamba ankadzinenera okha. Apa Flagyl wa kamwazi, apa mankhwala a njoka za m'mimba, apa mapiritsi owonjezera magazi, kutsogoloku Flagyl kachiwiri. Miyezi inkapita, thupi linkatha, lero kudzimbidwa mawa kutsegula m'mimba, ndipo akachoka kuchimbudzi ankamva ngati china chatsalira. Achibale ataona kuti mankhwala a kuchipatala sakugwira anati pali dzanja la munthu. Anapita naye kwa sing'anga, mbuzi inapita. Pofika kuchipatala chachikulu mimba inali itatupa, chimbudzi chitatsekeka. Anamuchita opaleshoni n'kumuikira thumba pamimba, koma chotupa chinali chitafika kale kuchiwindi. Tinamuika m'manda chaka chomwecho.

Adokotala a pachipatala chaching'ono sindikuwaimba mlandu. Munthu ali yekha, mzere wafika panja, patebulo pali kachipangizo koyezera malungo ndi koyezera HIV. Wodwala akatchula magazi m'chimbudzi, kamwazi ndiye amabwera msanga m'maganizo, ndipo nthawi zambiri amakhaladi kamwazi. Vuto limayamba munthu yemweyo akabweranso ndi dandaulo lomwelo. Patebulo paja sindinaonepo chowathandiza kusiyanitsa amene angabwerere kunyumba ndi amene ayenera kutumizidwa msanga.

Chowawa n'chakuti khansa iyi siithamanga. Kawirikawiri imayamba ngati kamnofu kakang'ono komera m'kati mwa thumbo lalikulu, kamene achipatala amati polyp, ndipo kamatha zaka 10 kapena kuposerapo kasanasanduke khansa. Kakachotsedwa pa nthawiyo, khansayo siibadwa n'komwe. Ngakhale kakasanduka, ziwerengero za ku America zimaonetsa kuti ikapezeka isanatuluke m'thumbo, anthu pafupifupi 9 mwa 10 alionse amakhala ali moyo patatha zaka 5. Ikafalikira kuchiwindi kapena kumapapo, sakwana 2 mwa 10. Nthenda yopereka nthawi yaitali chonchi ndiyo tikuipeza pamene munthu sangathenso kudya.

Dandaulo lachiwiri ndi lakuti khomo limene tinasiyiridwa ndi limodzi, ndipo ndi lopapatiza. Munthu akaganiziridwa khansa ya m'matumbo, imene imatchulidwa ndi colonoscopy. Inu mukuidziwa, koma ndifotokozere anzanga amene akuwerenga nawo. Ndi kapaipi kofewa kokhala ndi kamera kunsonga, kamene amakalowetsa kotulukira chimbudzi n'kuyenda nako thumbo lonse lalikulu, lotalika pafupifupi mita imodzi ndi theka. Ndisamveke ngati ndikuinyoza, chifukwa palibe njira ina yoona bwino kuposa imeneyi. Dokotala amaona ndi maso ake, amadula timinofu tija pomwepo, amatenganso kachidutswa kokayeza ku labotale. Zikapezeka kuti m'kati muli bwino, munthu amatha zaka 10 asanayezedwenso. Koma taonani zimene imafuna. Dzulo lake munthu sadya nsima, amangomwa zamadzimadzi, kenako amamwa malita angapo a mankhwala otsuka m'mimba n'kuchezera kuchimbudzi. Patsikulo amabayidwa jakisoni wogonetsa pang'ono, ndiye pamafunika womuperekeza. Mwa apo ndi apo pamachitika ngozi ya kutaya magazi kapena kubooka kwa thumbo. Pamafunikanso dokotala wophunzitsidwa mwapadera, makina okwera mtengo, magetsi osazimazima, ndi mankhwala otsukira makinawo wodwala wina asanalowe.

Tsopano taganizirani mayi wa ku Chingale kuseri kwa phiri, kapena msodzi wa ku Chisi amene ayambe wakwera bwato mpaka pa Kachulu, kenako matola kufika m'tauni. Mankhwala otsuka m'mimba aja akamwera kuti? M'minibasi? Kwa wachibale ku Chikanda kumene mabanja angapo amathandizana chimbudzi chimodzi? Akatumizidwa ku Blantyre, makilomita oposa 60 kuchokera m'tauni muno, ndiye thiransipoti ya anthu awiri kupita ndi kubwera, pogona, chakudya cha womuperekeza. Pamwamba pa zonsezi pali manyazi. Abambo ambiri a msinkhu wanga akangomva kumene kapaipiko kamalowera amati, "Bola ndife nazo." Musati ndi umbuli wa kumudzi. Pa kafukufuku wamkulu wa ku Poland, Norway ndi Sweden, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2022, mwa anthu amene anaitanidwa kukachita colonoscopy, 42 okha mwa 100 alionse ndiwo anapita. Amenewo ndi anthu a misewu ya tala ndi zimbudzi zamadzi m'nyumba.

Dandaulo lachitatu, limene ndikhalepo kanthawi, ndi lakuti njira zopepuka zilipo, zakhalapo zaka zambiri, koma m'makomo amene timayendera sindinapezepo munthu amene anauzidwa za izo.

Yaikulu mwa njirazi ndi kuyeza chimbudzi kumene amati FIT. Chotupa cha m'thumbo, ngakhale kamnofu kokulirapo, kamadontha magazi pang'onopang'ono, ochepa kwambiri moti maso sawaona. FIT imafufuza magazi obisikawo. Munthu amapatsidwa kabotolo kakang'ono kokhala ndi kamtengo pa chitsekero. Amapita kuchimbudzi kwake, amakanda pang'ono chimbudzicho ndi kamtengoko, amatseka, n'kukabweza. Savula pamaso pa munthu, sasala chakudya, samwa mankhwala otsuka m'mimba, safuna womuperekeza. Imazindikira magazi a munthu okha, choncho nyama ya mbuzi imene wadya dzulo siisokoneza. Ilipo ya mitundu iwiri. Wina ndi kachipangizo koonetsa timizere monga kaja koyezera malungo, wina ndi wa makina a ku labotale amene amatulutsa nambala ya kuchuluka kwa magaziwo.

Nzeru yoyeza chimbudzi si ya dzulo. Kafukufuku wa ku Minnesota, ku America, anaonetsa mu 1993 kuti kuyeza chaka ndi chaka kunachepetsa imfa za khansayi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Wa ku Nottingham ku England ndi wa ku Funen ku Denmark anatsimikiza mu 1996 kuti ngakhale kuyeza kamodzi pa zaka 2 kumapulumutsa anthu. Apo n'kuti akugwiritsa ntchito njira yakale, yofuna chimbudzi cha maulendo atatu ndi kusala zakudya zina. FIT inadzalowa m'malo mwake. Ku Netherlands anayamba kutumizira timabotolo timeneti anthu a zaka 55 mpaka 75 mu 2014. Ku England anasinthira ku FIT mu 2019, ndipo kabotolo kamafika pakhomo kudzera pa positi kamodzi pa zaka 2. Ku Spain anagawa anthu oposa 50,000 m'magulu awiri, ena kuwaitanira ku colonoscopy, ena ku FIT ya zaka 2 zilizonse. Patatha zaka 10, zotsatira zimene zinatuluka mu 2025 zinaonetsa kuti imfa za khansayi zinali pafupifupi chimodzimodzi m'magulu onse awiri, ndipo anthu amene anavomera kabotolo anali ambiri kuposa amene anavomera kapaipi. Mayiko amenewa ali ndi madokotala ndi makina ochuluka kutiposa kutalitali. Ngakhale iwo anaona kuti n'kosatheka kulowetsa kamera mwa munthu aliyense.

Chimene chikutikhudza kwambiri ife ndi ichi. FIT si ya anthu amene akuoneka athanzi okha. Ku England, bungwe la NICE limene limapereka malangizo kwa madokotala linanena mu 2017, n'kudzawonjezera mu 2023, kuti odwala obwera ndi zizindikiro zokayikitsa aziyamba ayezedwa FIT, ndipo amene magazi awo afika ma microgram 10 (muyeso waung'ono kwambiri) pa galamu imodzi ya chimbudzi azitumizidwa mwachangu. Bambo wa matemba uja, amene magazi ake ankaoneka kale ndi maso mwezi ndi mwezi, ankangofunika lamulo lolembedwa loti atumizidwe. Koma alipo ena ambiri amene amabwera ndi kuchepa magazi kosadziwika chiyambi chake, kuwonda, kapena m'mimba mosinthasintha. Amenewa ndiwo FIT ingawasefe, kuti makina ochepa amene tili nawo ayambire pa amene akuwafuna kwambiri.

Njira zina ndizitchule mwachidule, kuopa kuti wina angadzabwere ku undunako ndi chikwama n'kukugulitsani zodula. Pali Cologuard, imene imafufuza magazi pamodzi ndi tizizindikiro tochokera m'chotupa cha khansa (DNA) m'chimbudzi. Inaloledwa ku America mu 2014 ndipo imachitidwa kamodzi pa zaka 3. Pa kafukufuku wake inapeza khansa 92 mwa 100 pamene FIT inapeza 74, koma imaopseza anthu ambiri amene alibe kanthu, chimbudzicho chimatumizidwa ku labotale ya kampani, ndipo mtengo wake ndi madola mazanamazana. Pali Shield, yoyeza magazi a pamkono, imene inaloledwa ku America mu 2024. Imamveka yokoma, koma imapeza khansa 83 mwa 100, ndipo timinofu toopsa tija timene sitinasanduke khansa imangopeza 13 mwa 100. Pali kujambula matumbo ndi makina a CT, kumene kumafunabe mankhwala otsuka m'mimba, kupopera mpweya m'thumbo ndi katswiri wowerenga zithunzi. Palinso kamera yomeza ngati piritsi imene aiyesa ku Scotland ndi ku England, nayonso imafuna kutsuka m'mimba. Zonsezi zikapeza kanthu, munthu amapitabe ku colonoscopy. Ndalama za wokhoma msonkho wa ku Zomba zisapite kumeneko pakadali pano.

Imene ndikupempha kuti muiganizire pambali pa FIT ndi sigmoidoscopy. Ndi kapaipi kafupi, ka masentimita pafupifupi 60, koona chigawo cha kumunsi kwa thumbo chokha. Munthu sachezera kuchimbudzi, amangopoperedwa mankhwala pang'ono nthawi itayandikira, kawirikawiri sagonekedwa, ndipo pakapita mphindi zochepa wadzuka. Kafukufuku wa ku Britain wa mu 2010 anaonetsa kuti kuyezedwa kamodzi kokha pakati pa zaka 55 ndi 64 kunachepetsa imfa za khansayi ndi 43 pa 100 mwa amene anayezedwa. Kumeneko anamwino ophunzitsidwa amagwira ntchitoyi. Ndipo tisaiwale njira yotchipa kuposa zonse, ya golovesi ndi chala cha dokotala. Chotupa chimene chili pafupi ndi kotulukira chimbudzi chimakhudzika ndi chala. Wodwala amachita manyazi, adokotala ali ndi mzere, onse awiri amangogwirizana mwakachetechete kuti adumphe pamenepo, ndipo miyezi imatayika chifukwa cha mphindi imodzi.

Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope, ndipo sindikufuna kukubisirani matope ake. FIT sinena kuti munthu ali ndi khansa, imangonena kuti m'chimbudzi muli magazi. Ikayezedwa kamodzi imaphonya pafupifupi khansa imodzi mwa zinayi, n'chifukwa chake imabwerezedwa, ndipo munthu amene zizindikiro zake zikupitirira sayenera kubwezedwa chifukwa choti kabotolo kati mulibe kanthu. Magaziwonso ali ndi magwero ambiri kuno kwathu, monga njoka za m'mimba, likodzo la m'matumbo, kamwazi ndi mudzi. Ku Nigeria anagawa FIT kwa anthu oposa 2,000 m'madera mwawo, zotsatira n'kutuluka mu 2022. Anthu 9 mwa 10 alionse anabweza kabotolo, umboni wakuti ife a mu Africa sitikana njira imeneyi. Koma pafupifupi mmodzi mwa asanu aliwonse anapezeka ndi magazi, ndipo atawaunika ndi kamera, amene anali ndi khansa anali ochepa kwambiri. M'mbali mwa Chilwa ndi m'minda ya mpunga ya ku Likangala ndi ku Domasi, kumene anthu amakhalira m'madzi tsiku lonse, tiyembekezere zofanana ndi zimenezi. Palinso nkhani ya kutentha. Magazi a m'kabotolo amawonongeka akakhalitsa pamalo otentha, ndipo kabotolo kogonera m'thumba la malaya pa Kachulu mwezi wa Okutobala kangathe kunamiza munthu kuti ali bwino.

N'chifukwa chake sindikupempha kuti muyeze aliyense amene wakwanitsa zaka 45 monga analangizira ku America mu 2021. Tikatero tidzadzaza mabenchi ndi anthu amantha popanda wowaunika. Kuuza munthu kuti "mwapezeka ndi magazi" n'kumusiya wopanda tsiku lokaunikidwa ndi kumuzunza. Tiyambe ndi amene ali ndi zizindikiro, ndi amene khansayi inalowapo kale pabanja pawo.

Dandaulo lachinayi ndi lalifupi. Pa makoma a zipatala pali zithunzi za malungo, kolera, chifuwa chachikulu ndi kulera, koma za magazi m'chimbudzi sindinaonepo. Pamene aboma muli chete, ena akuyankhula. Akuyenda m'misika ndi m'matchalitchi ndi timakina togwiritsa munthu m'dzanja, ati tikuunika thupi lonse, kenako n'kumugulitsa mabotolo a mankhwala otsuka m'matumbo. Ndalama imene ikanakhala ya thiransipoti yopitira kuchipatala imathera pamenepo.

Musandiuze kuti Mmalawi sangapereke chimbudzi m'kabotolo. Makhololo a chifuwa chachikulu timapereka m'timabotolo, ndipo njinga zamoto zimayenda m'zipatala zing'onozing'ono kutolera zokayeza ku labotale. Malawi ali m'gulu la mayiko oyambirira kumene anthu anaphunzira kudziyeza okha HIV kunyumba. Alangizi a zaumoyo ali m'midzi, amadziwa khomo lililonse. Msewu unalambulidwa kale ndi matenda ena, changotsala n'kukwezapo katundu uyu.

Tsono zopempha zanga ndi izi.

1. Lembani malangizo achidule, m'Chichewa ndi m'Chiyao, apachikidwe m'chipinda chilichonse choonera odwala. Munthu wamkulu amene wabweranso ndi magazi m'chimbudzi atamaliza mankhwala a kamwazi asapatsidwenso Flagyl asanayezedwe ndi chala ndi kulemberedwa kalata yopita kuchipatala chachikulu. Chimodzimodzi bambo, kapena mayi amene anasiya kusamba, wopezeka ndi magazi ochepa popanda chifukwa chodziwika. Msinkhu usakhale chotchinga, chifukwa khansayi imagwiranso anthu amene sanafike zaka 50. Ichi chikungofuna pepala ndi siginecha yanu.

2. Ikani FIT pa mndandanda wa zinthu zimene a Central Medical Stores Trust amagula, ndipo muyambe kuiyesa kuno ku Zomba monga munachitira ndi katemera uja. Sankhani zipatala zochepa zosiyana malo, china cha m'tauni monga Matawale, china cha kunyanja, china cha kuseri kwa phiri. Zipatala za mipingo monga St Luke's ku Malosa ndi Pirimiti zilowe nawo, popeza anthu ambiri amathamangira kumeneko. Timabotolo tiyende pa njinga zomwe zija za makhololo, m'bokosi lozizira, ndipo pakabotolo palembedwe tsiku limene chimbudzi chatengedwa.

3. Kabotolo kasaperekedwe popanda lonjezo. Amene wapezeka ndi magazi atuluke ndi tsiku lokaunikidwa litalembedwa m'kabuku kake, ndipo mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake adziwitsidwe kuti amulondole akapanda kupita. Ochokera kutali apatsidwe pogona pachipatala usiku womwera mankhwala otsuka m'mimba, pafupi ndi chimbudzi ndi madzi abwino. Mukaona kuti mfundo iyi simungaikwanitse, ndiye yachiwiri ija muyambe mwaiimika.

4. Phunzitsani anamwino ndi madokotala ambiri a pa Zomba Central Hospital ntchito ya sigmoidoscopy ndi colonoscopy, ndipo mu bajeti muikemo ndalama zokonzera makina akawonongeka ndi zogulira mankhwala otsukira. Makina olandira ngati mphatso amathandiza pokhapokha pali wowakonza.

5. Pemphani a Kamuzu University of Health Sciences, mogwirizana ndi osunga kaundula wa khansa ku Blantyre, atsatire ntchitoyi kuyambira tsiku loyamba. Tidziwe kuti mwa opezeka ndi magazi kuno, angati ali ndi njoka, angati likodzo, angati timinofu, angati khansa. Nambala ya ku England ija inayezedwa pa matumbo a anthu amene salima mpunga m'madzi. Tipeze yathu, ndipo zotsatira zilengezedwe poyera.

6. Wodwala akapezeka ndi khansayi, ana ake ndi abale ake a bere limodzi aitanidwe n'kufotokozeredwa, chifukwa chiopsezo chawo ndi chachikulu kuposa cha ena. Amenewa aikidwe patsogolo.

7. Yankhulani pa wailesi, kudzera kwa mafumu, m'mipingo ndi m'mizikiti, ndi mawu amene agogo angamve osachita kufunsa mdzukulu. Oyankha mafoni ku Chipatala Cha Pa Foni apatsidwe uthenga womwewo. A Medical Council of Malawi nawo aone za timakina tounika thupi lonse tija.

8. Kwa inu aphungu athu. Mu 2001 ku Abuja mayiko a mu Africa analonjeza kupereka 15 pa 100 ya bajeti ku zaumoyo, ndipo dziko lino lili ndi ndondomeko yolimbana ndi khansa ya 2019 mpaka 2029. Funsani m'Nyumba ya Malamulo kuti khansa ya m'matumbo ili pati mu ndondomekoyo, ndi kuti yapatsidwa ndalama zingati chaka cha boma chisanayambe pa 1 Epulo.

Kwa inu anzanga amene mukuwerenga nawo, musadikire kuti akuluakuluwa ayankhe. Mukaona magazi m'chimbudzi mobwerezabwereza, chimbudzi chikasintha kwa milungu ingapo, mukamawonda kapena kufooka popanda chifukwa, pitani kuchipatala ndi kabuku kanu kakale komweko, osagula katsopano, kuti adokotala aone maulendo onse amene mwabwera ndi vuto limeneli. Nenani mosazungulira kuti mankhwala aja munamaliza koma magazi sanasiye, ndipo ngati bambo, mayi kapena mbale wanu anadwalapo khansa ya m'matumbo, tchulani. Akafuna kukuyezani ndi chala, lolani. Amene muli ndi foni, werengerani kalatayi makolo anu ndipo muitumize kwa phungu ndi khansala wa m'dera lanu.

Olemekezeka a Nduna ndi akuluakulu nonse, ndikupempha yankho lanu poyera, kaya pa wailesi kaya pa msonkhano wa khonsolo ya boma la Zomba, makamaka pa mfundo yoyamba ndi yachitatu. Gulu lathu loyendera odwala ndi lokonzeka kuthandiza alangizi a zaumoyo kufotokozera anthu za kabotoloka tsiku limene mudzatiuze kuti kafika.

Ine wanu mwaulemu,

Nzika ya ku Zomba, wa m'gulu loyendera odwala m'makomo